Udzu Ukangouma: Ulendo wa pa Phiri la Mulanje

Mu Seputembala phiri la Mulanje limabisala. Ukachoka ku Limbe pa msewu wa Midima n'kudutsa pa Nkando, maso amafunafuna chimwala chija chimene mu Epulo chimaonekera patali, koma amangokumana ndi kutuwa kokhakokha. Chiperoni chimakhala chitapita kale, ndipo mitambo ya mvula isanabwere. Chimene chimaphimba phirilo ndi utsi. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, tchire la m'chigwa ndi udzu wa pamwamba zimapsa molandizana, moti minibasi yathu inachita kuyandikira Chitakale kuti nsonga ya Chambe itulukire, phewa lake lamwala litaima njo pamwamba pa minda ya tiyi.

Pa Chitakale ndinagula chinanazi n'kukwera njinga yamoto ya kabaza kulowera msewu wa ku Phalombe, mpaka pokhotera ku Likhubula. Kumeneko kuli ofesi ya zankhalango, ndipo aliyense wofuna kukwera amalembetsa, kulipira, n'kupatsidwa munthu womutsogolera malinga ndi ndandanda ya anyamata amene amagwira ntchitoyi. Ndikudikira, amayi anayamba kutsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa eni ake, makosi ali gwa, mapazi akufufuza popondera. Mayi wina atatula mtolo wake kuti apume, anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje, n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi, konyowa ndi thukuta. Kanali karisiti kosonyeza kuti walipira kutola nkhuni zouma tsiku limenelo. Anakayang'ana ngati kakadali kowerengeka, n'kukamanganso pomwepo. Nkhalango imeneyi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, ndi yaikulu mahekitala oposa 56,000, ndipo chiphaso chimene munthu wamba wa m'mphepete mwake amachidziwa bwino ndi chimenechi, cha nkhuni.

Ine ndinabwera ndi funso lina. Titangoyamba kukwera njira ya Chapaluka, ndinafunsa mnyamata wonditsogolera uja: "Achimwene, kodi m'phiri muno nyengo yosaka nyama imatsegulidwa liti?"

Anaseka mpaka kuima. "Akulu, atsegule ndani? Udzu ukangouma, basi yatseguka."

Kunena za lamulo, nyengo yoteroyo kulibe. Lamulo la nkhalango la mu 1997 silimalola munthu kusaka, kutchera misampha, kudula mtengo kapena kuyatsa moto m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Nyama zakutchire zili pansi pa lamulo linanso, la mapaki ndi nyama zakutchire la mu 1992, limene linakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Limatchula ziphaso zingapo: cha mbalame, cha nyama, cha mlendo wochokera kunja, chapadera cha ofufuza za sayansi, ndi cha mlenje amene ulenje ndiyo ntchito yake. Limaletsa kusaka ndi moto, kusaka usiku, kupha mwana woyamwa kapena make, ndiponso poizoni, ulimbo ndi misampha popanda chilolezo. Chikonzero cha mu 2017 chinakhwimitsa zilango: wopezeka ndi minyanga ya njovu, nyanga ya chipembere kapena ngaka akhoza kukhala m'ndende zaka mpaka 30. Tsono phiri lili m'manja mwa a zankhalango, nyama ya m'phirimo ndi ya a zamapaki, ndipo mfuti imalembetsedwa kupolisi. Mlenje wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, amene chuma chake ndi agalu anayi ndi chibonga, palibe ofesi mwa zitatuzi imene ili ndi pepala lomukwana.

Pa Dziwe la Nkhalamba tinangomwa madzi n'kupitirira, poti panali ana asukulu ambiri akujambulana pa foni. Cha kumtunda, pamene njira imalowa m'mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje, mnzangayo anapatuka mwadzidzidzi, n'kugwada pa kanjira kakang'ono kamene ine sindikanakaona. Anandiitana ndi dzanja. Pakati pa timitengo tiwiri panali khwekhwe la waya wa mabuleki a njinga, lozungulira bwino, m'mwamba mwake mokwana khosi la gwape. Wotcherayo anali atazika tinthambi uku ndi uku kuti nyama isakhale ndi podzera pena, ndipo wayayo anamupaka dothi kuti asanyezimire. Inali ntchito ya munthu wodziwa nyama, wodziwa kuti imadutsa pati popita kukamwa. Mnzangayo anamasula wayayo, kumukulunga, n'kumuika m'thumba. Ndinamufunsa ngati akakapereke ku ofesi. Anati njinga yake ikufunika waya.

Khwekhwe silisankha, ndipo apa ndi pamene limasiyanirana ndi ulenje wa makolo. Limagwira yaikazi ya bere, limagwira mwana, limagwira ngakhale mwini wake atadwala osabwera kudzaliona sabata yathunthu, nyama n'kuwolera pomwepo. Uzimba wakale unali ndi mwini. Unkachitika anthu atakolola, m'miyezi yotentha, mfumu italoleza ndipo akuluakulu atagwirizana tchire loti litenthedwe. Amuna ankapita ndi maukonde, mauta, nthungo ndi agalu, ndipo panali malamulo a kagawidwe: woyamba kulasa ali ndi gawo lake, mfumu ili ndi lake. Mvula ikagwa, anthu ankatanganidwa ndi khasu, udzu unkatalika, nyama n'kupeza mpata woswana. Palibe amene ankalemba pa chikwangwani kuti nyengo yatsekedwa, koma inkatsekeka. Brian Morris, amene anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje asanakhale katswiri wa chikhalidwe cha anthu, analemba zambiri za uzimba umenewu m'buku lake la mu 1998 lotchedwa The Power of Animals. Sindikunena kuti makolo anali angelo. Malonda a minyanga a m'zaka za m'ma 1800 anatha njovu zambiri, mafumu akulandira nawo nsalu ndi mfuti. Koma kusaka kwa m'mudzi kunali ndi munthu woti n'kumufunsa zikalakwika.

Atsamunda atafika anabweretsa pepala. Mu 1897 boma linakhazikitsa malo oyamba otetezera nyama ku dambo la Elephant Marsh ndi ku nyanja ya Chilwa, ndipo amene ankalamulira dziko nthawi imeneyo, Alfred Sharpe, anali atabwera kuno zaka khumi m'mbuyomo ngati mlenje wa njovu. Malamulo otsatira, makamaka a m'zaka za m'ma 1920, anapanga kusaka kovomerezeka kukhala kwa munthu wa mfuti ndi ndalama ya laisensi, pamene maukonde, mbuna ndi misampha zinasanduka milandu. Mzungu wa pa esiteti akapha mbawala Loweruka ankati ndi masewera. Mlomwe wa thangata akapha nguluwe imene ikumudyera chinangwa ankayenera kuyang'ana uku ndi uku. Kusaka sikunathe. Kunangochoka pa bwalo la mfumu n'kupita kumdima, kumene kulibe woyamba kulasa, kulibe gawo la mfumu, kulibe mwezi wopuma.

Tinatulukira m'chigwa cha Chambe dzuwa litapendeka. Amene anafika kuno zaka za m'ma 1980 amakamba za nkhalango ya paini yothithikana, ndi chingwe chachitsulo chimene chinkatsitsa matabwa kupita ku Likhubula. Painiyo, wochokera ku Mexico, anadzafalikira yekha n'kuyamba kulanda malo a mitengo yachilengedwe, mpaka anayamba kumugwetsa dala. Lero chigwacho n'choyera, zitsa zili mbwee, mphepo ikungodutsa. M'chigwa chomwechi, cha m'ma 2011 ndi 2012, kampani ina inakumba timaenje pofufuza miyala ya mtengo wapatali ili ndi chiphaso cha boma m'manja, anthu a m'munsi akudandaula za madzi awo akumwa. Ziphaso zina zimatuluka ndithu, zikapemphedwa ndi woyenera.

Koma nkhani ya ziphaso imene iyenera kuphunzitsidwa m'sukulu ndi ya mkungudza. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha pa dziko lonse lapansi. Azungu anaupatsa dzina la Alexander Whyte, amene anatola zitsanzo zake kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1984 Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichilidya, madzi saliwoletsa msanga, n'chifukwa chake opanga maboti ku nyanja, amisiri a zitseko ndi osema ziboliboli onse ankalifuna. Boma linaika dongosolo looneka lanzeru. Chaka ndi chaka linkatsegula nyengo yocheka, n'kupereka ziphaso kwa ocheka matabwa, koma za mitengo yakufa yokha. Wamoyo usakhudzidwe.

Zotsatira zake munthu aliyense wa ku Mulanje angakuuzeni. Ngati chiphaso n'cha mtengo wakufa, ndiye kuti mtengo uyenera kufa. Anthu ankasenda khungwa kuzungulira tsinde, kapena kusonkha moto m'munsi mwake, n'kubwerera kwawo kukadikira. Nyengo yotsatira mtengowo unali wouma, wololedwa ndi lamulo, ndipo chidindo chinkamenyedwa popanda wonama. Thabwa likafika m'munsi, ndani akanasiyanitsa la mtengo wofa wokha ndi la mtengo wophedwa? Chiphaso chimodzi chinkaphimbanso matabwa ambiri ocheka usiku. Pamwamba pa izi panabwera nsabwe za mitengo zochokera kunja, zimene zinalowa m'dziko muno cha m'ma 1980 n'kufooketsa mikungudza yambiri. Nyengo yocheka inatsekedwa mu 2007 ndipo sinatsegulidwenso, koma macheka sanasiye kulira. Mu 2017 ofufuza atayendera phiri lonse anapeza mikungudza ikuluikulu yamoyo 7 yokha. Madzulo a tsiku loyambalo, m'chigwa cha Chambe, ndinaona dzenje lakale la ocheka, mitanda iwiri ikadali yopingasa pamwamba pamene chipika chinkagona, wina akukoka sowo ali pamwamba, mnzake ali pansi utuchi ukumugwera m'maso. Nditafukula dothi ndi ndodo, utuchi wa pansi unali ukununkhirabe.

Usiku umenewo tinagona m'nyumba ya alendo ya pa Chambe. Mlonda wake, bambo wachikulire wa chipewa chaubweya, anatisonkhera moto n'kutiikira madzi pa chitofu. Nsima itapsa tinakhala naye pakhonde, ndipo kutali, mbali ya kumpoto, mzere wofiira unkakwera phiri pang'onopang'ono.

"Agogo, moto umenewo wayatsa ndani?"

"Mwana wanga, moto ulibe dzina. Koma mawa mukamadutsa mumvetsere agalu."

Anandiuza kuti ali mnyamata, zinkhoma zinkaima pa miyala ya kuseri kwa nyumbayo m'mawa uliwonse, ziwiriziwiri, chachimuna chikulondera chachikazi chikudya. Mbawala zinkabwera mpaka pa mtsinje. Kambuku sankaoneka, koma ndowe zake zodzaza ubweya wa mbira zinkapezeka pa njira. Masiku ano, anatero, mlendo akaona chinkhoma chimodzi amakalemba m'buku la alendo. Zimene zatsala zambiri ndi mbira, akalulu, anyani ndi apusi, ndi nchima m'nkhalango zowirira za m'zigwa.

Kutacha tinalowera ku Chisepo, nyumba imene ili m'tsinde mwa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene ambiri amabwerera kuno. Ine za Sapitwa ndinazisiya. Njira inadutsa m'lupsa la usiku womwewo, nthaka ikadali yofunda kupyola nsapato, phulusa likuuluka pa phazi lililonse. Akhwangwala a khosi loyera anali kalikiliki kutola ziwala ndi abuluzi opserera. Agalu tinawamvadi, m'munsi mwa chigwa, ndi mluzu wa munthu.

Mnzangayo anandifotokozera mmene zimachitikira. Alenje amayang'ana kumene mphepo ikupita, n'kuyatsa m'munsi mwa chitunda kuti moto ukwere. Ena amakaima kumtunda ndi agalu, pa mipata ya miyala pamene nyama yothawa iyenera kudzera. Phindu lachiwiri limabwera pakapita masabata awiri kapena atatu: msipu wanthete ukaphuka pa lupsa, nyama zotsala zimatuluka kudzadya poyera, pamene galu amaziona patali. Moto ukagwira ntchito yake, palibe amene amatsala kuti auzimitse. Umapita kumene ukufuna, kudutsa udzu, kulowa m'mphepete mwa nkhalango, chaka chino mamita angapo, chaka chamawa enanso. Mkungudza uli ndi khalidwe lovuta pa nkhani ya moto. Mbewu zake zimamera bwino pamalo poyera pamene moto unadutsapo, koma kamtengo kakang'ono sikapirira moto ngakhale pang'ono. Moto wa kamodzi pa zaka zambiri unkauthandiza. Moto wa chaka ndi chaka umapha mbande iliyonse isanafike m'chiuno. Ndiye mbira imodzi ya ndiwo za madzulo ikhoza kudyetsa moto chitunda chonse. Ndipo chitunda chopanda chophimba anthu a m'munsi amachidziwa mvula ikakula. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo, napolo anatsika ndi miyala ikuluikulu n'kukokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mvula ya muyezo umenewo ikanagumula ngakhale phiri la nkhalango, koma lometedwa limagumuka msanga.

Kuli maiko kumene nyengo ndi ziphaso zimagwira ntchito, ndipo ndi bwino kuona chifukwa chake. Chigawo cha Maine ku America n'chodzaza nkhalango, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a nthaka yake. Kumeneko nyengo yaikulu yosaka agwape ndi mfuti imakhala mu Novembala, Lamulungu sasaka, mlenje amavala chovala chowala kuti mnzake asamuwombere, ndipo akapha amakalembetsa nyamayo pamalo oikika. Ziphaso zophera moose, chinyama chotalika kuposa ntchefu, zimaperekedwa mwa mayere chifukwa ofuna ndi ambiri kuposa nyama zololedwa. Kuyambira mu 1937, lamulo la Pittman-Robertson limatenga msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo n'kuubwezera ku ntchito yosamala nyama. Zonsezi zimatheka chifukwa pali anthu olipidwa kuti awerenge nyama chaka chilichonse, pali nyama zochuluka moti zina n'kuchotsapo, ndipo mlenje wamba akhoza kugula chiphasocho pa sitolo ya kwawo. Ku Mulanje zitatu zonsezi palibe. Boma la Mulanje lokha linali ndi anthu oposa 680,000 pa kalembera wa mu 2018, ambiri opanikizika pakati pa minda ya tiyi ndi malire a nkhalango. Wina atati atsegule nyengo yosaka zinkhoma mawa, ingakhale nyengo yomaliza.

Chitsanzo chimene ndimachiona chapafupi ndi cha kwathu konkuno. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu yaikulu Makanjira imatseka usodzi nthawi ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo mwambowu wakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1950. Asodzi amachoka pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amaweruzidwa ndi anthu omudziwa, amene nawonso akudikira tsiku lotsegulira. Ku nyanja ya Chilwa, osaka mbalame ali ndi magulu awo amene amaika malo ndi nthawi yoti mbalame ziswane. Zimapunduka nthawi zina, koma munthu amadziwa kuti chimene wasiya lero adzachipeza iye yemwe. Nkhanga zinapangana kusanapse. Pa Mulanje pangano lotero likanayamba ndi moto, nyama pambuyo: mudzi uti ukuyang'anira chitunda chiti, ndipo ukapulumutsa chitundacho chaka chonse upindula chiyani chogwirika. Kuwonjezera zaka za kundende n'kosavuta kulemba ku Lilongwe, koma sindinamvepo kuti mnyamata wa agalu anawerenga gazeti ya boma asanakhwatche machesi.

Pali amene akuyesa. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, limene lakhala likugwira ntchito ndi a zankhalango kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, limalemba anthu a m'midzi ntchito yolambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike. Kuyambira mu 2016, mothandizana ndi Botanic Gardens Conservation International ndi a kafukufuku wa zankhalango ku Zomba, midzi yozungulira phiri inakhazikitsa manazale a mkungudza, ndipo mbande zoposa 500,000 zinakwezedwa pamutu kukabzalidwa pamwamba. Pakati pa Chisepo ndi nyumba ya alendo ya Thuchila tinadutsa pena pamene zinabzalidwa. Mbali imene njira yotchinga moto inagwira, timitengo tinali tobiriwira, tina tofika pachifuwa. Mbali imene moto unalumpha, tinali timitengo tofiira touma, tili m'mizere yake bwinobwino. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amene amalilemekeza ngati mokhala mizimu. Ulemuwo ndi woyenera, ngakhale sulipira wolambula.

Kuchokera ku Thuchila tinatsikira mbali ya msewu wa ku Phalombe, njira yotsetsereka imene imapweteka mawondo kuposa kukwera. Tili pakatikati tinamva kupuma kwa agalu kumbuyo kwathu. Anali asanu, owonda nthiti zili pamtunda, mmodzi wong'ambika khutu. Pambuyo pawo panabwera anyamata atatu opanda nsapato, miyendo yakuda ndi phulusa mpaka m'mawondo. Wamkulu ananyamula nthungo yachitsulo ndi thumba la feteleza, m'mene munkatuluka timiyendo tiwiri ta mbira. Atationa anazengereza, kenaka wamkuluyo anavula chipewa.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Taswera, kaya inu? Kunyumba adzuka bwanji mayi?" anayankha mnzanga uja.

"Adzukako, koma mwendo uja ukuvutabe."

Tinawapatukira, n'kutsika mothamanga, agalu patsogolo. Anthu atatu, usiku wathunthu m'phiri, chitunda chimodzi chopsa, mbira imodzi. Atazimiririka ndinafunsa mnzangayo ngati sakawanena kwa alonda a nkhalango, poti iyeyo amadya za alendo obwera kudzaona phiri lomwelo limene anyamatawo akulitentha.

Anakonza lamba wa chikwama changa paphewa pake. "Akulu, wamng'ono uja ndi mwana wa alamu anga. Ndikamunena lero, mawa pamaliro ndikakhala pati? Tiyeni, kabaza wa kumsewu amavuta dzuwa likalowa."